Tikudikira amalume ake

Ndinabwerera ku Zomba ndi masutikesi awiri ndi pepala lonena kuti tsopano ndine katswiri wa maopaleshoni. Mayi anga ku Mbedza analiika pepalalo m'felemu asanandipatse ndi madzi akumwa omwe, n'kulipachika moyang'anana ndi chitseko kuti aliyense wolowa alione. Amayi a kumpingo kwawo ankabwera m'magulu kudzandilonjera, ena atanyamuliratu madandaulo a msana ndi mawondo. Ndinkangoseka nawo. Panali chinthu chimodzi chimene pepala lija silinanene. Zaka zonse zimene ndinaphunzira ntchitoyi, sindinatsegulepo mimba ya munthu wodwala mwakayakaya ndili ndekha. Nthawi zonse kumbuyo kwanga kunkaima wamkulu. Mwina sankagwira kanthu, mwina ankangocheza za mpira ndi bambo wogonetsa odwala, koma analipo. Magazi akatumphuka pamene sukuwayembekezera, unkangomva dzanja lake likukankha lako pang'ono, mawu ali pansipansi: "Taimani kaye, tione."

Chipatala chimene ananditumako chinali chitatha miyezi yambiri chilibe dokotala wa ntchito yangayi. Ndiye kuti wamkulu uja tsopano ndinali ine. M'mawa uliwonse ndikamatsika basi n'kuona phiri litaima pamwamba pa tauni, nkhungu itaphimba mitengo ya paini, ndinkapemphera pemphero lochititsa manyazi: Ambuye, lero kubwere a zithupsa okhaokha.

Ku wodi ya amayi kunali namwino wamkulu, mayi wa imvi zake, amene tonse tinkangowatchula kuti asisita. Anandidziwa ndili kamtsikana, chifukwa ankapemphera mpingo umodzi ndi mayi anga. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nati, "Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tikaona kalumo kanuko, adokotala." Manesi anaseka, inenso ndinaseka, ndinabisa manja m'matumba a khoti.

Masiku atatu oyamba pemphero langa linayankhidwa. Lachinayi m'mawa, nthawi itangokwana eyiti, anandiitana ku wodi ya amayi.

Pa bedi la pafupi ndi zenera panagona mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wa ku Matawale. Ankagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Mimba yake inali itatupa, yolimba ngati ng'oma, ndipo anali atasanza masiku awiri, zobiriwira, osapita kuchimbudzi, osatulutsa ndi mpweya womwe. Pansi pa mchombo panali chipsera cha opaleshoni ya mwana wake woyamba. Nditangoika dzanja pamimbapo anakukuta mano, koma sanalire. Chithunzi cha ekisire chinangotsimikizira zimene zala zinali zitandiuza kale: matumbo anali atapotana penapake, magazi sakudutsa. Matumbo otere akachedwa amafa, ndipo akafa amapha mwini wake. Mankhwala ake ndi mpeni, tsiku lomwelo, makamaka m'mawa womwewo. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndinazilembapo pa mayeso n'kukhoza.

Ndinalamula kuti amuike diripi ndi kapaipi ka m'mphuno kotulutsa zoipa za m'mimba, kenako ndinatenga pepala la chilolezo n'kutuluka kukafuna achibale.

Mwamuna wake ndinamupeza pakhonde, wakabaza wa ku Chikanda, atanyamula mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Ndinamufotokozera zonse, n'kumupatsa cholembera. Anabisa dzanja kumbuyo ngati ndamupatsa khala la moto.

"Adokotala, ine sindingasayine," anatero. "Ine ndine mkamwini chabe. Mwini wake wa munthuyu ndi amalume ake. Mayi ake anamwalira, bambo ake anabwerera kwawo kalekale. Mukamung'amba ine nditasayina, kenako zinthu n'kulakwika, ndidzaima pati? Adzati mkamwini wapha mwana wathu."

"Amalumewo ali kuti?"

Analoza m'mwamba, kuphiri. Amalume ake a mtsikanayo ankalima mbatata ya kachewere ndi sitiroberi pamwamba pa phiri la Zomba, kuseri kwa nkhalango. Foni analibe. Mnzawo woyandikana nawo anali nayo, koma kumeneko netiweki imagwira pa malo amodziamodzi, ndipo foniyo sinkapezeka. Mwamunayo anati watuma kale mchimwene wake pa njinga yamoto kukawatenga. Anati safika mochedwa, mwina cha m'ma teni.

Mwambo umenewu sunali wachilendo kwa ine. Inenso ndine mwana wa kuno. Kwathu nkhani yaikulu, ya ukwati, ya matenda, ya maliro, siyenda mwinimbumba asanamve, ndipo mwinimbumba ndi mlongo wa mayi ako. Ngakhale ine ndi madigiri anga onsewa, nditati ndikwatiwe mawa, amene adzakhale kutsogolo ndi amalume anga a ku Thondwe amene sanafike sitandade faifi. Choncho mwamunayo ndinamumvetsa, ndipo mantha ake sanali abodza.

Koma zoona zake ndi izi, ndipo zanditengera zaka kuti ndizilembe. Atanena kuti sangasayine, mtima wanga unakhala pansi. Ndinamva kupepuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndinabwerera mu wodi, n'kulemba m'fayilo mwa wodwalayo, m'Chingerezi changa chokongola, kuti tikudikira amalume ake kudzapereka chilolezo. Ndinalembanso nthawi pambali pake, monga anatiphunzitsira. Kenako ndinapita kukaona a zithupsa anga.

Teni inakwana, amalume osafika. Ndinadutsanso pa bedi paja. Mtima wa mtsikanayo unkagunda mofulumira kuposa m'mawa. Ndinawonjezera botolo lina la diripi, n'kudziuza kuti ndi bwinonso, thupi liyambe lalandira madzi. Zimenezo zinali zoona kwa ola limodzi, mwina awiri. Ndinalembanso m'fayilo mawu omwe aja. Asisita anadutsa kumbuyo kwanga akukankha tebulo la mankhwala, nati osandiyang'ana, "Ku fiyeta kulibe wodwala wa opaleshoni, adokotala. Ogonetsa aja angokhala, akumwa tiyi." Ndinayankha kuti ndamva, tikudikira achibale.

Cha kumasana mchimwene wa mwamuna uja anaimba foni. Anati wafika kumudziko koma amalume kulibe, analawirira kudimba kutsidya, kumene njinga yamoto singafike. Atuma munthu wapansi kukawaitana. Ndinalemba mawu aja m'fayilo kachitatu. Ndinaima pazenera la wodi n'kuyang'ana phirilo. Nkhungu inali isanachoke. Ndinayesa kuimbira mmodzi wa aphunzitsi anga akale mumzinda, foni inangolira mpaka kuduka, mwina anali mu fiyeta. Ndipo ndikanawafunsa chiyani? Yankho ndinkalidziwa. Chimene ndinkafuna sichinali nzeru zawo, ndinkafuna adzaime kumbuyo kwanga.

Mantha amene ndinali nawo tsiku lija sindikudziwa ngati ndingawafotokoze bwino. Sindinkaopa magazi, ayi. Ndinkaopa kutsegula mimba ija n'kupezamo chinthu chimene sindikuchidziwa, n'kungoti kakasi anthu asanu akundiyang'ana. Ndinkaopa kuti munthu woyamba kumugwira kwathu kuno afera patebulo langa, mbiri n'kufika ku Mbedza dzuwa lisanalowe, amayi a kumpingo aja n'kumayang'ana felemu ija akugwedeza mitu. Pa nkhomaliro ndinagula nthochi ziwiri pageti, ndinadya theka la imodzi, zotsalazo ndinazisiya patebulo.

Nthawi ili cha m'ma thu, ndinapeza mtsikana uja milomo itauma, maso atalowa, bipi itayamba kutsika. Ndinatenga fayilo kuti ndilembe kachinayi. Asisita anagwira fayiloyo mbali inayo.

"Adokotala, tabwerani mundithandize kuwerenga nsalu."

Ananditengera m'kachipinda kosungira zofunda, n'kutseka chitseko. Munalibe nsalu zowerenga. Anaima atapinda manja pachifuwa.

"Mtsikanayu ali ndi zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi zitatu."

"Mutu wake ukugwira? Akulankhula?"

"Akulankhula."

"Nanga mimbayo ndi ya amalume?"

Lamulo ndinkalidziwa ngati dzina langa: munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira amadziperekera yekha chilolezo. Kuyambira eyiti koloko ndinali nditalankhula ndi mwamuna wake, ndi manesi, ndi fayilo, koma mwini mimba ndinangomufunsa pamene pakupweteka.

"Mwambowu ndi wathu, sindikuunyoza," asisita anapitiriza, mawu ali pansi. "Inenso amalume ndinali nawo, ndinkawagwadira. Achibale akapempha kuti tidikire, timadikira pamene matenda akulola. Koma inu, mwana wanga, simukudikira amalume. Mukudikira aphunzitsi anu. Amenewo sabwera."

Aka kanali koyamba kunditchula mwana wawo chibwerere changa, ndipo kanali komaliza. Ndinafuna kukwiya, chifukwa ine mkwiyo sindichita kuufuna patali, koma panalibe pogwira. Anatsegula chitseko, nati, "Tiyeni, adokotala."

Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi. Ndinamuuza mtsikanayo zonse m'Chichewa chosazungulira: kuti matumbo apotana, kuti tikapanda kutsegula afa, kuti tikatsegula angathe kuchira koma sindingalonjeze, ndipo kuti wonena mawu omaliza ndi iye mwini.

Anandiyang'ana m'maso. "Ndimakumvani chim'mawa mukukambirana pamutu pangapa," anatero. "Ndimayesa kuti odwala safunsidwa."

"Amafunsidwa. Ndinayenera kukufunsani kale."

"Mwana wanga akuyamwabe," anatero. "Tsegulani."

Nesi wina anabweretsa kabokosi ka inki kuti adinde ndi chala. Mtsikanayo anakakankha, n'kupempha cholembera. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, zilembo zowongoka bwino, paipi ili m'mphuno. Mwamuna wake atamva, anakhala pansi pakhonde, mwana ali pamiyendo, n'kumangoti, "Ndikawauza chiyani, ndikawauza chiyani." Ndinamuuza kuti amalume ndidzalankhula nawo ndine, iye sanasayine kanthu.

Tinalowa mu fiyeta nthawi ili pafupi fili koloko. Povala magulovesi chala chinalowa polakwika kawiri, nesi wothandiza anangoyang'ana kumbali. Nditatsegula mimba, fungo linatiuza zonse maso asanaone. Panali kamnofu kolimba ngati chingwe, kochokera pa chipsera chakale, ndipo matumbo anali atadzikulunga pamenepo. Gawo lalitali kuposa mkono wanga linali lakuda bii, lakufa. Kupitirira pamenepo panali gawo lina lofiirira, limene linali likufa tsiku lomwelo. Ndinadula chingwecho, n'kufunditsa gawo lofiiriralo nsalu zofunda, n'kudikira kuti mwina mtundu ubwerera. Sunabwerere. Ndinatembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo, mwachizolowezi. Kunali khoma ndi wotchi.

Ndiye ndinagwira ntchito. Ndinachotsa zakufa zonse, ndinalumikiza zamoyo, ndinatsuka m'mimba ndi madzi ambiri, ndinasoka. Manja ankayenda okha osandifunsa. Ankadziwa chochita, zaka zonse zija sizinapite pachabe. Bambo wogonetsa odwala anasuzumira pamwamba pa nsalu, nati, "Kalumo kaja n'kakuthwadi." Anthu anaseka pang'ono. Ine sindinathe, chifukwa ndinaona kuti chinthu chimene ndinachithawa maola asanu ndi limodzi ndinali nditachichita bwinobwino m'maola awiri.

Amalume anafika dzuwa litapendeka. Ndinawapeza pakhonde la wodi: bambo wamkulu wowonda, jekete yakale, majombo odzaza matope ofiira, chipewa chili m'manja. Uthenga utawapeza kudimba, sanabwererenso kumudzi kukafuna njinga yamoto. Anatsika wapansi pa kanjira kotsetsereka kamene amadzera onyamula mbatata ndi nkhuni, ndipo anagwa kawiri, buluku linang'ambika pabondo. Ndinali nditakonzekera kukalipiridwa. Ndinayamba kufotokoza kuti sitikanatha kudikiranso, kuti mwana wawo anasayina yekha.

Ananjuta pansi pomwepo, pasimenti, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mayi, mwachita bwino," anatero. "Mwatilemekeza kwambiri, kudikira tsiku lonse munthu wachabechabe ngati ine. Wolakwa ndine. Ndinapitiranji kudimba lero? Mwanayu ndamuchedwetsa ndine."

Mwamuna uja anali ataima pambali, misozi ikutsika. Asisita anali pakhomo la wodi, akundiyang'ana. Apa ndi pamene ndikanalankhula. Ndinangoti, "Dzukani, bambo, tiyeni mukamuone."

Lachisanu mtsikanayo anatsegula maso n'kufunsa za mwana. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndapulumuka. Loweruka thupi linatentha, mkodzo unayamba kuchepa m'thumba. Poizoni wa matumbo akufa aja anali atalowa kale m'magazi. Tinasintha mankhwala, tinachita zonse zimene chipatala chathu chikanatha. Ndinkabwerera pa bedi lija kambirimbiri mpaka asisita anandiuza kuti ndikuopseza odwala ena. Anamwalira Lamulungu m'mawa, mabelu a matchalitchi a m'tauni akulira. Amayi odikirira odwala anasiya mapoto awo kukhitchini, n'kuperekeza mtembo kunyumba ya chisoni akuimba nyimbo, monga amachitira ndi aliyense, womudziwa ndi wosamudziwa yemwe. Amalume ankayenda kumbuyo kwenikweni, akutsimphina ndi bondo lija.

Sindingalumbire kuti ndikanatsegula nayini koloko akanakhala moyo. Anabwera atadwala kale masiku awiri. Ndawerenga mabuku, ndafunsa anzanga mozungulira ngati kuti ndi nkhani ya munthu wina, ndipo onse amati mwina. Koma gawo lofiirira lija ndinaliona ndi maso anga, ndipo ndikudziwa kuti m'mawa linali lamoyo.

Sabata yotsatira tinakhala pa msonkhano wokambirana za odwala amene amwalira. Anawerenga fayilo ija mokweza, mizere yanga itatu ndi nthawi zake: tikudikira amalume, tikudikira amalume, tikudikira amalume. Anthu anagwedeza mitu. Wina anati miyambo yathuyi idzatimaliza, wina anati pafunika kuphunzitsa anthu akumudzi. Pa chifukwa cha imfa analembapo kuti achibale anachedwa kupereka chilolezo. Asisita ankayang'ana kunja pazenera. Wotsogolera msonkhano anandifunsa ngati ndili ndi choonjezera, ndinati ayi.

Chiyambire tsiku lija, munthu woyamba kumufunsa ndi amene wagona pabedi. Achibale ndimawalemekeza, ndimakhala nawo pansi, ndimaimbira amalume foni ndekha ngati pakufunika, koma mpando ndimayamba kuukokera kwa mwini thupi. Madokotala achinyamata amati ndine wovuta pa nkhani imeneyi, ndimakalipa pachabe. Sadziwa kumene zinachokera. Mantha sanathe, mpaka lero ndimasamba m'manja mtima ukugunda, kungoti sindiwafunira pobisala.

Patatha chaka ndi miyezi, m'nyengo yozizira, ndinali nditagula kagalimoto kanga, ndipo mayi anapempha kuti ndikawaonetse damu la pamwamba pa phiri. Anakhala pansi pa phirili moyo wawo wonse osakwerako. Tinakwera Loweruka masana, iwo atagwira chitseko ndi manja awiri pa ngodya iliyonse. Titatsala pang'ono kufika pamwamba, pa ngodya ina pamene tauni yonse imaonekera pansi, panali anthu ogulitsa zipatso. Mayi anafuna sitiroberi. Nditatsitsa galasi, bambo wina anadzuka pamwala, n'kuvula chipewa.

"Mayi dokotala. Mwandiiwala?"

Sindinawaiwale. Anali amalume aja. Nkhope imeneyo ndinkaiona ndikamasamba m'manja ku fiyeta. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anapatsa moni mayi anga, n'kuwauza kuti, "Mwana wanuyu ndi munthu. Anayesetsa pa mwana wanga, ine ndi amene ndinachedwa." Mayi anamwetulira monyadira. Ndinafunsa za khanda lija, anati likuyenda tsopano, likuleredwa ndi mng'ono wa malemu.

Kenako anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa foni yaing'ono yamabatani, yokutidwa m'kapepala ka pulasitiki, yomangidwa ndi chingwe m'khosi.

"Ndinagula iyi," anatero. "Dimba lija ndinasiyira ana, lili kutali, mawu safika. Pano ndi pamene netiweki imagwira. Ndiye ndimabwera m'mawa, ndimachoka dzuwa litalowa, kaya mvula kaya chisanu. Mbumba ndili nayo yambiri kumunsiko. Sindifuna munthu wina adzandidikirenso."

Mphepo inali yozizira kwambiri pamalo paja, ndipo zala zawo zinali zitauma mbuu. Ndinatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, ndinali nditawayeserera kambirimbiri: bambo, wochedwa simunali inu, inu munali kuseri kwa phiri, ine ndinali mapazi khumi kuchokera pa bedi. Mayi anali pambali panga akusankha zipatso. Ogulitsa ena anali atatizungulira.

Ndinawafunsa amalumewo ngati mvula inagwa bwino chaka chimenecho.

Anati inagwa bwino. Anaika kabasiketi ka sitiroberi pamiyendo pa mayi, nati ndi mphatso ya adokotala. Ndikuyendetsa ndinawaona pagalasi akubwerera pamwala wawo, akukweza foni ija m'mwamba kuona ngati ikugwira. Zipatsozo mayi anadya okha. Ndadutsa pa ngodya imeneyo kangapo kuchokera tsiku limenelo, ndipo nthawi zonse amakhala ali pomwepo.